A Msomali Anakondwa Mwadala

Mumsewu umene ankakhala, dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi a kuchipatala okha, poti ndi amene analilemba pakhadi. Ena onse ankangoti a Msomali. Dzinali analipata adakali mnyamata, akuphunzira ukalipentala, chifukwa akanena mawu ankalowa mpaka mutu, ndipo wofuna kuwazula ankayenera kung'amba thabwa lonse.

Anapala matabwa zaka makumi anayi ndi zitatu. Zitseko zambiri za mumsewumo zinatuluka m'manja mwawo, pamodzi ndi mabedi, makabati, ngakhalenso mabokosi amene anthu anaikamo makolo awo. Shedi yawo inali pambali pa nyumba, yofolera ndi malata, khomo lake lalikulu loyang'ana kumsewu. Pakati panali tebulo lopalirapo matabwa, lolemera moti amuna anayi ankalisuntha akubuula. Zida ankazipachika kukhoma, ndipo chida chilichonse anachizunguliza ndi pensulo, kuti wobwereka sowo osabweza azidutsa akuona malo ake ali yasa, ngati pamene pachoka dzino.

Kuseka ndiye sikunali ntchito yawo. Akazi awo, adakali moyo, ankauza alendo kuti, "Musawaope bambo awa, mano ali nawo. Ndinawaona ndekha tsiku la ukwati wathu." Amayiwo atamwalira, mano aja anasoweratu.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi, mphunzitsi. Anakwatiwa ndi mwamuna wa mu ofesi ya inshuwalansi, munthu wonunkhira, waulemu wonyezimira ngati vanishi wopaka pathabwa lofumbwa. Ankamanga tayi ngakhale Loweruka popita kukagula buledi, choncho a Msomali mumtima mwawo ankamutchula kuti Tayi. Pakamwa ankati "apongozi", monga kuyenera. Maliro a amayi atatha, banjali linasamukira m'nyumba ya a Msomali, ati kudzawasamala.

Sitiroko inawapeza m'mawa wina akupala chitseko. Puleni inangopulumuka m'dzanja lamanzere n'kugwera pansi. Anati awerame aitole, iwonso anaitsatira. Anagona kuchipatala masabata asanu ndi limodzi, ndipo anatuluka mwendo wamanzere ukukwakwaza pansi, dzanja litapindika, mlomo utapotokera mbali imodzi.

Tsiku lobwerera kunyumba, Tayi anaimitsa galimoto pageti, n'kutsika kukatsegula khomo la shedi. Kenako anabwerera pachiwongolero n'kulowetsa galimotoyo m'kati. A Msomali anasuzumira pazenera la galimoto. M'shedi munalibe kanthu. Makoma anali atapakidwa penti woyera mbee, pansi atatsukapo moti ngakhale fungo la utuchi kunalibe.

"Zida zanga zili kuti?" anafunsa, lilime likulemera.

"Zinali zadzimbiri zokhazokha, bambo," anayankha Tayi akumwetulira pagalasi. "Ndinapatsa anthu otola zitsulo aja. Inu tsopano ndi nthawi yopuma. Mwavutika kokwanira."

Tebulo lija analipeza kuseri kwa nyumba, litagona chagada, miyendo m'mwamba ngati ng'ombe yakufa. Mvula inali italinyowetsa, dzuwa n'kuling'amba pakati. Iwo eni anawasamutsira kuchipinda chakumbuyo, ati n'kufupi ndi bafa. Mwana wawo anawayalira bedi akupewa kuwayang'ana m'maso.

Miyezi inayi a Msomali anakhala m'chipindamo katani ili chitsekere. Ndevu zinamera mpaka kukhosi. Tiyi ankazizirira pampando. Akamva galimoto ikulowa m'shedi madzulo, ankatembenukira kukhoma n'kudzifunditsa bulangete kumutu.

Lachitatu lililonse kunkabwera namwino wowongola ziwalo, mayi wamfupi, wa mawu aakulu. Tsiku lina atatopa ndi kukoka dzanja la munthu wosafuna kukokedwa, anakhala pampando n'kuwauza kuti, "Agogo, mwendo uwu ulibe mlandu. Chimene chagona ndi mtima wanu. Tsegulani katani iyi m'mawa, dzuwa likuoneni. Metani ndevu. Yendani, ngakhale mapazi khumi okha. Mukakumana ndi munthu mupatseni moni. Muli ndi nyimbo imene mumaikonda? Imbani. Ndipo dzuwa likamalowa, lembani zinthu zitatu zabwino zimene mwaona tsikulo. Kope ili ndakubweretserani."

A Msomali analiyang'ana kopelo ngati awapatsa chule.

"Mwana wanga," anatero, "amenewo ndi mankhwala a munthu amene wataya ambulera. Ine ndataya dzanja ndi shedi."

Namwino anangosiya kope lija pawindo n'kumapita.

Loweruka la sabata yomweyo, cha m'ma naini koloko, Tayi anatulutsa galimoto kuti aitsuke, n'kuiimika pansi pa zenera la chipinda chakumbuyo, pomwe panali mpopi. Dzanja lina linagwira paipi, lina foni. Ankalankhula ndi mkulu wake, ndipo katani yotseka ija inamunamiza kuti kuseri kwake kulibe makutu.

"Achimwene, za malo musadandaule," ankatero Tayi. "Nkhalamba ija yatha. Changotsala ndi kupuma. Mvula ikamayamba chipindachi chikhala chopanda munthu, mudzangobwera ndi katundu wanu. Kumva? Aaa, imva chiyani? N'chipika chabe chimenechi."

A Msomali anagona duu, maso ali kudenga. Chipika. Iwo amene anathera moyo wawo wonse akusandutsa zipika kukhala zitseko. Anamva kutentha kukuyambira m'mimba, kukwera pachifuwa, mpaka m'makutu munalira. Miyezi inayi yonseyo sanamvepo kanthu m'thupi mwawo, koma tsopano ngakhale chala chachikulu cha mwendo wakufa uja chinagwedezeka.

Anaganiza zotukwana, koma lilime likanawagwiritsa mwala. Anaganiza zoponya kapu, koma kapu imasweka kamodzi, nkhani n'kutha. Kenako anaona kope la namwino pawindo. Mnyamata uyu akudikira maliro, anatero mumtima. Wayika kale ndi tsiku. Ndiye chimene chingamupweteke kwambiri n'chiyani?

Anadzikoka ndi dzanja lamanja, anatsamira khoma, n'kugwira katani. Anaikoka kamodzi, kwee! Dzuwa linawamenya m'maso mpaka misozi. Anakankha zenera, n'kutulutsa nkhope yandevu ija, mano onse pamtunda, mlomo uli chopotoka.

"Mwadzuka bwanji, apongozi! Kwacha bwinotu lero!"

Paipi inapulumuka m'manja mwa Tayi n'kuyamba kuvinavina pansi, ikumuthira madzi kuyambira kunsapato mpaka kutayi. A Msomali anabwerera pabedi, ndipo anadabwa kumva kaphokoso kachilendo kakutuluka pakhosi pawo. Kanali kuseka. Madzulo ake anatsegula kope n'kulemba ndi zilembo zokhotakhota: Tayi wanyowa. Ndatsegula zenera. Tayi wanyowa kwambiri.

Kuyambira tsiku limenelo anatsata malangizo a namwino ngati munthu wonola mpeni. Katani ankaitsegula nthawi imene Tayi akumwa tiyi pakhonde, osati ina. Bedi ankayala okha ndi dzanja limodzi ndi bondo, n'kusiya chitseko chotsegula kuti aliyense wodutsa aone kuti mulibe mtembo. Kuyenda anayamba ndi mapazi khumi, kuchokera pabedi kufika pakhomo. Sabata yachiwiri anafika pabalaza. Yachinayi anagwira geti ndi dzanja lawo, thukuta lili kamukamu, ndodo ikunjenjemera, koma anadikira pomwepo mpaka galimoto itatuluka kuti aibayibitse.

Nyimbo inawavuta. Mawu awo anali ngati sowo yobuntha, ndiye anasankha likhweru. Koma theka la mlomo linali lakufa, moti masiku oyamba linkamveka ngati tayala lophwa. Ankayeserera m'bafa, pagalasi, akukankha mlomo ndi chala, mpaka tsiku lina kanyimbo kanatuluka bwinobwino. Kanali kamodzi kokha, kamene ankaimba kale akamapaka vanishi. Ankakaimba m'mawa uliwonse Tayi akangotsegula nyuzipepala.

"Bambo, mwasangalalatu masiku ano," anatero Tayi tsiku lina, nsagwada zitauma.

"N'chisamaliro chanu, apongozi. Mukanapanda inu, bwenzi ndili kuti ine?"

Mwana wawo ankangolira ndi chimwemwe, osadziwa kuti m'nyumba mwake muli nkhondo. Anawagulira nsapato zofewa ndi chipewa. Atamupempha zitini zakale za penti, zomwe zija zinayeretsa shedi, anawatsukira yekha. A Msomali anadzalamo tomato ndi maluwa ofiira, n'kuzindandalika m'mbali mwa kanjira kolowera kushedi, mbali zonse ziwiri. Malo otsala anali okwana galimoto ndendende, kuwonjezerapo chikhatho chimodzi. Diso la kalipentala silinama. Tayi ankalowa ndi kutuluka khosi lili kunja kwa zenera, akubwerera m'mbuyo kawiri katatu, pamene iwo ali chiimire ndi chothiririra madzi akumuthandiza ndi manja: "Pang'ono, apongozi. Pang'ononso. Eee, mwapha duwa."

Namwino atabwera n'kuwerenga kope lija, anagwira pakamwa.

"Agogo, si zimene ndinkatanthauza izi. Ndinati zinthu zabwino."

"Kwa ine n'zabwino."

Mayiyo anatembenuza masamba. Tayi wapsa lilime ndi tiyi. Ndafika pamtengo wamagetsi wachiwiri. Tayi wandiona ndikufika. Anapukusa mutu, anawayeza magazi, anawauza kuti afinye dzanja lake ndi zala zopindika zija, n'kukuwa, "Mayo, mundithyola!" Kenako anabweza kope. "Sindikufuna kudziwa kuti Tayi ndi ndani," anatero. "Koma musamusiye."

Atakwanitsa kufika pakona ya msewu, analowa kwa ometa, mnzawo wakale amene a Msomali anawapangira mashelefu zaka zambiri zapitazo. Ometawo atawaona anaimitsa makina mutu wa munthu uli theka.

"Madala! Ife tinamva kuti mwatsala madzi amodzi!"

"Madzi ake ndi a mumtsinje. Tandichotsani thengo ili kumaso."

Atatha kuwameta, ometa analowa kuseri kwa katani n'kutuluka ndi kanthu kokulunga m'thawulo. Munali puleni ija, ndi matchizulo awiri osemera matabwa. Anati tsiku limene otola zitsulo ankadutsa ndi ngolo yawo, iwo anazindikira chogwirira cha puleniyo, chimene chinali chitadyeka motsata chikhatho cha mwini wake, ndipo anawathamangira mpaka kumsewu waukulu. A Msomali anaigwira puleniyo n'kumasisita chogwirira chija ndi chala. Ometa anayamba kusesa tsitsi pamalo posesa kale.

Kuyambira pamenepo ankapita kwa ometa tsiku lililonse, kukakhala pabenchi ndi kumva mabodza a anthu odikira kumetedwa. Panjira ankapereka moni kwa aliyense: mayi wogulitsa zipatso, mlonda wa pasitolo ya mankhwala, ngakhale galu wa nyumba ya geti lobiriwira. Poyamba anthu ankacheuka kuona ngati moniyo ndi wa munthu wina kumbuyo kwawo. Kenako anazolowera, n'kuyamba kubwera ndi timavuto tawo. Uyu mpando ukugwedera, uyu kabati sikutsekeka. A Msomali ankapanikiza thabwa ndi bondo, dzanja lofooka lija likungotsamira pamwamba, lamanja likugwira ntchito ya awiri. Ankakonzera pakhonde lakumaso, dala, kuti Tayi akamabwera kuntchito apeze utuchi pamasitepe ndi anthu atatu anayi akuseka ndi chipika chake chija.

Sikuti zonse zinkayenda ngati madzi. Tsiku lina ndodo inaterera pamsewu wonyowa pafupi ndi geti, iwo n'kugwa chammbali, chigongono n'kusupuka. Mwatsoka, nthawi yomweyo Tayi ankatuluka ndi galimoto. Anatsitsa galasi, ndipo a Msomali anaona kanthu kakuwala m'maso mwake kamene sikanali chisoni.

"Mwaonatu, bambo? Ndimanena ine kuti muzikhala m'nyumba."

Ululu unali utafika mpaka m'mano, koma iwo anaseka ali chigonere. "Ndikuyang'ana geti lanuli kunsi, apongozi. Layamba dzimbiri. Pitani, muchedwa kuntchito." Galimoto itakhota pakona, analira pang'ono, mwakachetechete, kenako anadzikoka ndi zitsulo za getilo n'kuimirira. Tsiku limenelo anayenda mpaka kwa ometa ndi kubwerera kawiri.

Chinthu china chinawadabwitsa, ndipo sanauze munthu. Tayi anatumidwa ku ofesi ya kutali kwa sabata yathunthu. A Msomali anada nkhawa kuti moto uzima poti nkhuni zachoka. Koma m'mawa mwake dzanja linapita lokha kukatani. Likhweru linatuluka lokha. Madzulo anapezeka atalemba m'kope kuti: Dzuwa linali lokoma pamsana. Tomato woyamba wafiira. Mayi wazipatso wandipatsa lalanje lotsekemera. Atawerenga anakwiya, ngati munthu amene wagwidwa akuba. Anatenga pensulo n'kuwonjezera pansi pake: Kumene kuli Tayi ndamva kuti kukuzizira.

Mvula inayamba. Chipinda chakumbuyo chinali chidakali ndi mwini wake, wonenepa masaya.

Lamulungu lina masana, Tayi anaitana bwana wake ndi akazi awo kudzadya chakudya. Panali mpando wina waukulu ku ofesi umene ankaufuna, ndiye nyumba inakolopedwa kawiri. Alendo asanafike anagogoda pachitseko cha a Msomali.

"Bambo, lero mupumeko. Chakudya tikubweretserani konkuno. Phokoso la alendo lingakutopetseni."

"Mwaganiza bwino, apongozi."

Anadikira mpaka atamva mafoloko akulira m'mbale. Kenako anatuluka atavala suti yawo ya ukwati wa mwana wawo, nsapato zopolisha, ndi tayi wofiira amene ometa anawamangira dzulo lake. Analowa pabalaza akuimba likhweru.

"Takulandirani, takulandirani! Ine ndine mwini nyumba, musadzuke. Ndikhale apa pafupi ndi mayi."

Bwanayo anali munthu wonenepa, wokonda kuseka, ndipo a Msomali anamupatsa zoseka. Anasimba za munthu amene anaoda bedi la mamita awiri ndi theka chifukwa ankalota akuthamanga. Anasimba za namwino ndi kope lake. Akazi a bwana anasisita tebulo limene ankadyerapo n'kunena kuti sanaonepo lotere, lopanda msomali ngakhale umodzi.

"Ndinapanga ndine, mayi. Chaka chimene mwana wangayu anabadwa."

"Zoona? Ndiye shedi yanu ili kuti?" anafunsa bwana. "Ife tikufuna kabati."

"Shedi ilipo. Mukugona galimoto. Apongozi angawa ndi munthu wachifundo, bwana, musawataye. Ndili kuchipatala anaona kuti zida zindilemera, anazipereka kwa otola zitsulo. Tebulo langa analitulutsa kuti lipitidwe mphepo." Anaseka, bwana nayenso anayamba kuseka, koma kuseka kwake kunathera panjira. "Ndiponso ndi munthu wodziwa kukonzekera zam'tsogolo, monga mwa ntchito yanu. Anawerengera kuti mvula ikamayamba ine ndikhala nditapita, chipinda changa alowemo achimwene awo. Ndinamva ndekha pazenera. Anati ndine chipika, sindimva." Anatembenukira kwa Tayi, nkhope ili ngwee. "Apongozi, achimwene anu muwapepese m'malo mwanga. Mvula yayamba, koma ine ndachedwa. Apirire pang'ono, mwina zaka khumi ndi zisanu. Mayi, tandipatsirani mchere."

Tayi anamasula tayi wake kukhosi. Akazi a bwana anapereka mchere uja. Mwana wa a Msomali anaika supuni pansi pang'onopang'ono n'kuyang'ana mwamuna wake, osaphethira. A Msomali anadya bwino tsiku limenelo, mpaka anawonjezera.

Alendo anatsanzika msanga. Zimene zinayankhulidwa kuchipinda cha banjalo iwo sanazimve zonse, ngakhale anayesetsa. Dzuwa litapendeka, mwana wawo analowa kuchipinda chakumbuyo maso ali psuu, n'kukhala m'mphepete mwa bedi.

"Bambo, bwanji simunandiuze ine?"

"Ndikanakuuza, ukanamukalipira tsiku limodzi, nkhani n'kutha. Ine ndinkafuna ya miyezi."

"Ndiye miyezi yonseyi, kuseka konse kuja, maluwa aja, ine ndikuthokoza Mulungu, kani inu mukumenya nkhondo? Lero mwachititsa manyazi ndi ine ndemwe, pamaso pa alendo." Anapukuta misozi ndi nsonga ya diresi. "Ndipo pali china. Za shedi zija sanachite yekha. Anandifunsa, ine ndinavomera. Adokotala anati mwina simudzadzukanso, ndipo ine sindinkatha kudutsa pakhomo paja n'kumaona zida zili chipachikire. Penti uja ndinagula ndine."

Mawu amenewa a Msomali sanawakonzekere. Mpeni umene ananola miyezi yonseyi unali wa munthu mmodzi, ndipo analibe wina. Anayang'ana mwana wawo, anaona chipumi cha amayi ake, n'kutambasula dzanja lofooka lija mpaka linafika paphewa pake.

"Penti wake unagula wotchipa," anatero. "Wayamba kale kusupuka."

Mwanayo anaseka akulira. Madzulo amenewo kope silinatsegulidwe.

M'mawa mwake shedi inabwerera kwa mwini wake, galimoto inagona panja, ndipo yakhala ikugona panja mpaka lero. Mpando wa ku ofesi uja anaupereka kwa munthu wina. Ngati chifukwa chake chinali chakudya cha Lamulungu chija, palibe akudziwa, koma a Msomali amakhulupirira choncho ndipo safuna kumva zina. Tayi anabwera kudzapepesa, ataimirira pakhomo la shedi, mawu ake ataloweza ngati mwana wa sukulu. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, anagwedeza mutu, n'kunena kuti, "Ndamva. Tagwirani thabwa ilo kumapetoko, likugwedera." Tebulo latsopano lopalirapo matabwa linawatengera miyezi itatu, laling'ono kuposa lakale, ndipo mwendo umodzi anachita kuubwereza kawiri. Kabati ya bwana uja anaipanganso, ndipo anaonetsetsa kuti Tayi ndi amene akaipereke.

Chaka chisanathe, Tayi anayamba kudandaula mutu ndi chizungulire. Kuchipatala anamupeza ndi kuthamanga kwa magazi. Anamupatsa mapiritsi, n'kumuuzanso kuti achepetse nkhawa, aziyenda m'mawa uliwonse, azicheza ndi anthu. Anabwera kunyumba nkhope itagwa, n'kunena kuti alembetsa kumalo ochitira masewera olimbitsa thupi. Mkazi wake anamudula.

"Mphunzitsi ali m'nyumba mom'muno. Mawa muyambe kuyenda ndi bambo."

Anthu a mumsewumo amawaona m'mawa uliwonse dzuwa likangotuluka. Patsogolo pamakhala a Msomali ndi ndodo yawo, mwendo umodzi ukukwakwazabe pang'ono, chipewa chili chammbali. Kumbuyo kumabwera Tayi, atavala kabudula, akupuma wefuwefu. A Msomali samusiyira mpata. Akafika pa mayi wazipatso amaima.

"Apongozi, moni mwapereka?"

"Ndapereka, bambo."

"Sanamve. Bwerezani. Ndipo muonetse mano, ndi mankhwala amenewo. Mlonda uyonso. Galuyo musamudumphe."

Amamupititsa njira yokwera, ngakhale yosalala ilipo. Akamuona watsamira mtengo wamagetsi, amabwerera n'kumuzungulira akuimba likhweru, n'kumufunsa mwachifundo ngati akufuna kubwereka ndodo. Magazi a Tayi atsika ndithu, adokotala akuyamikira, ndipo a Msomali sadziwa ngati akondwe nazo kapena ayi.

Tsiku lina ometa, akuwachepetsa tsitsi kumbuyo kwa makutu, anawafunsa kuti, "Koma madala, munthu uja mwamulanga mokwanira. Munamukhululukira?"

A Msomali anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali, ngati akuyeza thabwa ndi diso.

"Oda yake ndinalandira," anatero. "Koma matabwa ake sanaume. Cha mwezi wamawa mundifunsenso. Apa mwasiya tsitsi, kumanzereku."